Mafunso a pa pepala ndi mtima wa agogo

Abale anga a ku Ulongwe, Domwe ndi midzi ya m'malire, pali matenda amene satulutsa chilonda. Agogo amangokhala duu pakhonde, nsima n'kuzizira m'mbale, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Achipatala amati depressão, ife tingati matenda a maganizo. Powafufuza amagwiritsa mafunso olembedwa pa pepala. Kodi mapepalawa amawagwira achikulire athu?

Lotchuka ndi PHQ-9, la mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo. Kuno kwathu analiyesa ku Sofala m'Chipwitikizi, pa amayi a kusikelo ndi odwala wamba, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Ku Malawi, mu 2019, la Chichewa analiyesa pa odwala shuga. Zabwino ndithu. Koma tamvani zimene limafunsa: tulo, kutopa, kudya. Ndi agogo ati a zaka 75 amene amagona mpaka kucha, msana ukuwawa, chisanu cha Juni chikulowa m'mafupa? Nanga wopanda mano adya chimanga chokazinga bwanji? Pepala likhoza kuyesa wodwala munthu amene mtima wake uli m'malo.

N'chifukwa chake mu 1982 a Jerome Yesavage ndi anzawo ku Stanford, ku America, anakonza la okalamba okha, GDS. Anasiya mafunso a thupi, yankho n'kukhala inde kapena ayi. Anali 30, mu 1986 anawafupikitsa kukhala 15. Ine ndimaliona bwinoko. Komabe limafunsa ngati munthu amakonda kukhala pakhomo kusiyana ndi kukachita zatsopano. Agogo amene anathawira nkhondo ku Dedza, n'kubwerako pambuyo pa mtendere wa 1992, adzati inde, ndayenda zokwana. Kodi amenewo ndi matenda?

Chondivuta kwambiri n'chakuti wamkulu sauza namwino wa msinkhu wa mdzukulu wake kuti akulira mumtima. Amangoti mutu ukulemera. Ku Zimbabwe matendawa amawatcha kufungisisa, kuganiza kwambiri, ndipo a Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa benchi panja pa chipatala.

Mukaperekeza agogo kuchipatala cha Ulongwe, pemphani kuti awafunse m'chiyankhulo chawo, mosathamanga. Auzeni anamwino ngati kusadyako kunayamba pambuyo pa maliro. Funso lomaliza la PHQ-9 ndi lokhudza kulakalaka imfa. Likafika limenelo, inu tulukani panja kuti agogo ayankhe momasuka.