Tsegulani chipinda cha makompyuta, ana aphunzire masamu

Pali maphunziro apadera omwe ana a msinkhu wa Fomu 1 ndi 2 amaphunzira masamu popanga ma app a pafoni. Ku America pulogalamu ya Bootstrap imaphunzitsa algebra kudzera m'masewera a pakompyuta opangidwa ndi ana eni ake, ndipo App Inventor ya yunivesite ya MIT, yopangira ma app a pafoni, ndi yaulere kwa aliyense.

Tiyerekeze kuti mtsikana akupanga app yowerengera mtengo wa kabaza. Ayenera kudziwa ndalama yokwerera, ndi ndalama yowonjezera pa kilomita iliyonse. Ameneyo walemba kale y = mx + c, yomwe imawatulutsa thukuta anzake pa mayeso. Akasokoneza, foni imuuza kuti ulendo wa kumsika ndi K90,000. Aseka, abwerera, akonza yekha. Palibe cholembera chofiira, palibe chikwapu.

Tsono chondiwawa ndi ichi. M'sukulu zina makompyuta akafika, akuluakulu amabwera ndi magalimoto, kudula riboni, kujambulitsa, n'kumapita. Mawa lake chipinda chakhomedwa, kiyi ali m'thumba mwa ahedi, ati ana angaononge. Aa, bwana, kodi kompyuta ndi mbale za alendo zosungidwa m'kabati? Fumbi ndi mphemvu zikuphunzira ulere, ana ali panja!

Ndipo chipindacho chikatsegulidwa, mphunzitsi wa masamu saitanidwa. Amati izi n'za aphunzitsi a kompyuta. Apa m'pamene tikuphonya. Mwana akangokoka timabokosi pa sikirini popanda womufunsa kuti x akuimira chiyani, wangosewera basi. Masamu amalowa pamene mphunzitsi wamuuza kuti, "Yamba walemba papepala, undifotokozere, kenaka uyese pamakina." A Bootstrap nawonso amayambira m'kope.

Chonde akuluakulu a ku unduna wa zamaphunziro, pa ndalama zogulira zipangizo patulaniponi zophunzitsira aphunzitsi a masamu. Kumbukirani ma CDSS a kumudzi komwe kulibe magetsi. Sola ndi mafoni ochepa ogwiritsa ntchito m'magulu n'poyambira pabwino. Inu makolo a m'makomiti a sukulu, funsani kuti chipindacho chimatsegulidwa tsiku liti, ndipo atsikana akulowamo angati. Ahedi, tapota nanu, perekani kiyi. Kompyuta yoonongeka m'manja mwa mwana imakonzeka, koma chaka chomwe mwana wataya akudana ndi masamu sichibwerera.