Mabuku Osunga Mbiri ya Masitampa

Munthu akafuna kutumiza kalata pa positi ofesi ya ku Kafue, agula sitampa naimata pa envulopu. Wolandira kalatayo kawirikawiri ataya envulopu pamoto, osayang'ana kapepala kali pangodya. Koma alipo anthu m'maiko ambiri amene asonkhanitsa timapepala timeneti ndi kutisunga mosamala. Nchito yao ndi yabwino, koma iposa ndi ya iwo amene alemba mabuku ofotokoza masitampa osonkhanitsidwawo, pakuti mwini wace akamwalira masitampa amwazika, koma buku litsala.

Sitampa yoyamba inaturuka ku England m'caka ca 1840, ndipo inali ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Posakhalitsa anthu anayamba kusunga masitampa, ndipo mu 1865 Stanley Gibbons anasindikiza mndandanda wace woyamba. Buku lotere lichula dziko la sitampa iriyonse, caka cace, maonekedwe ace, mtengo wace, ndi zolakwa zimene zinacitika poisindikiza.

Kusowa kwa mau olembedwa kutayitsa cuma. Mu 1873, ku British Guiana, dziko limene lero lichedwa Guyana, mnyamata wa zaka 12 dzina lace Vernon Vaughan anapeza sitampa yakale ya mu 1856 pakati pa makalata a m'banja lao. Buku limene anali nalo silinaichule, cotero anaigulitsa masheleni asanu ndi limodzi. Pambuyo pace kunadziwika kuti palibe inzace pa dziko lonse lapansi, ndipo mu 2014 inagulidwa ku New York ndi madola oposa mamiliyoni 9.

Sitampa yomweyo inafika m'manja mwa Philipp von Ferrary wa ku Paris, amene anasonkhanitsa masitampa osowa kuposa anthu onse a m'nthawi yace. Iye anamwalira mu 1917, pa nthawi ya nkhondo yaikuru. Boma la France linalanda masitampa ace, ndipo kuyambira mu 1921 linawagulitsa pang'onopang'ono kwa anthu a m'maiko osiyanasiyana. Nchito ya moyo wace wonse inabalalika ngati mankhusu pamphepo. Cotsala ndi mabuku amene anasindikizidwa pa malondawo, okhala ndi zithunzi ndi mau ofotokoza. Kufikira lero akatswiri awatsegula pofuna kudziwa ngati sitampa yakutiyakuti inacokeradi kwa Ferrary kapena ndi yonyenga.

Ngakhale masitampa amene sanamwazike asowa buku. Mfumu George V anasonkhanitsa ambiri a mtengo wapatali, koma anthu wamba sangathe kulowa m'nyumba yacifumu kukawaona. Mu 1952 Sir John Wilson, amene anali wowasunga, anaturutsa buku lalikuru lowafotokoza, ndipo mwa njira imeneyi anthu akutali anawadziwa.

Dziko la Zambia liri nayo mbiri yace pa masitampa. Poyamba anthu anagwiritsa nchito a kampani ya British South Africa. Mu 1925 kunaturuka a Northern Rhodesia, okhala ndi nkhope ya Mfumu George V pamwamba pa nyamalikiti ndi njobvu. Mu 1954 anadza a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, dzina la Zambia linaoneka pa sitampa. Pamene kwaca ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1968, sitampa ya K1 inaonetsa ulalo wa njanji wa pa Kafue, umene unamangidwa mu 1906. Mwana wa ku Kafue akapeza sitampa imeneyi m'bokosi la agogo ace, auzindikira ulalowo, koma caka cace ndi cifukwa cace adzazipeza m'buku. Buku lidzamuuzanso kuti mwa masitampa a Northern Rhodesia a mu 1963, ena anaturuka opanda mtengo wolembedwa, ndipo otere ndi osowa.

Ena anena kuti awa ndi masewera a anthu olemera, ndi kuti masiku ano makalata acepa popeza anthu alankhulana pa lamya. Nzoona kuti masitampa ambiri sangalemeretse munthu. Koma kucepa kwa makalata ndiko cifukwa cosamalira akale, pakuti amene atayika sadzabwereranso. Ciswe, mphemvu ndi cinyontho ca m'dzinja ziononga pepala msanga, ndipo cakudza siciyimba ng'oma. Buku limodzi, ngakhale la zaka zapitazo, likwanira sukulu yonse.

Cotero wophunzira wanzeru ayambe buku lacelace. Apemphe maenvulopu akale kwa makolo ace mwaulemu, asang'ambe sitampa, pakuti cidindo ca positi cisonyeza malo ndi tsiku limene kalata inanyamuka. M'kope mwace alembe dziko, caka, cithunzi ciri pa sitampa, ndi dzina la amene anampatsa. Ayang'anitsitse iriyonse mosafulumira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ngakhale masitampawo adzatayike, kopelo lidzauza adzukulu ace za makalata amene anafika pa mudzi wao.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji Vernon Vaughan anagulitsa sitampa yace pa mtengo wocepa?
2. Cinatsala nciani masitampa a Ferrary atamwazika?
3. Kodi sitampa ya K1 ya mu 1968 inaonetsa ciani?
4. Chulani zinthu zinai zoyenera kulemba m'kope la masitampa.