Foni siuzira mpweya munthu womira

Mwera ukayamba kukuntha, madoko a ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, amadziwa chotsatira chake. Bwato latembenuzika, msodzi wavuulidwa ali lefuu, khamu lamuunjirira. Wina akumuzondotsa, wina akumukanikiza pamimba kuti asanze madzi, ndipo zonsezi zikungodya nthawi. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6, choncho galimoto yopita kuchipatala cha boma kapena ku St Anne's siingapikisane ndi nthawi imeneyo. Wopulumutsa munthuyo ndi amene waima pamchenga pomwepo.

Masiku ano ena akuti yankho ndi mapulogalamu a pafoni olangiza chithandizo choyamba, komanso makina a AED omwe amalankhula n'kugwedeza mtima ndi magetsi. Ndikuti tisathamange. Zipangizozi anazipangira vuto lina. Munthu wogwa mwadzidzidzi mumsewu ku London nthawi zambiri vuto limayambira mumtima, magazi ake akadali ndi mpweya, n'chifukwa chake anthu wamba kumeneko amauzidwa kungodinikiza pachifuwa podikira makina. Womira mtima wake umaima chifukwa mpweya watha. Bungwe la European Resuscitation Council limalangiza kuyamba ndi kumuuzira mpweya kasanu, kenako kudinikiza ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza. AED imagwedeza mtima wokhawo umene ukunjenjemera mosokonekera, ndipo mwa omira ambiri siipeza choti igwedeze. Pulogalamu yongoti "dinikizani basi" ikafika padoko ndiye kuti yasochera.

Wina anena kuti chipangizo chimathandiza kusunga liwiro, ndipo akunena zoona. Kudinikiza ka 100 mpaka 120 pamphindi, chifuwa n'kumalowa masentimita 5 kapena 6, n'kovuta munthu ali ndi mantha, moti mawu owerengera amalimbitsa mtima. Koma taonani foni ya msodzi: ili m'jumbo poopa madzi, batire yatha usiku wonse ali pa usipa, ndipo ikakhala yogusa galasi siimvera chala chonyowa. Ikayankhula, iyankhula Chingerezi. AED nayo ili ndi batire ndi timapepala tomata pachifuwa tomwe timatha ntchito pakapita zaka zochepa, ndipo zosinthira zake n'zogula ndi ndalama yakunja yomwe ikusowa ngakhale pogula mafuta. Tonse tikudziwa mathero a makina operekedwa pamwambo wa m'hotela: kabati yokhoma, kiyi ali ndi bwana amene wapita ku Lilongwe.

Ngati pali ndalama, chipangizo choyenera kugula ndi chidole chophunzitsira, chija chimayatsa getsi kapena kulira ukadinikiza mokwanira. Chimenecho chimaphunzitsa manja, ndipo chimodzi chingathe kuzungulira madoko ambiri panjinga. Otsutsa ati anthu amaiwala pakangopita miyezi. Inde amaiwala, n'chifukwa chake maphunziro azibwerezedwa chaka ndi chaka. Oyendetsa ntchitoyi alipo kale: makomiti a asodzi a BVC, alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a Malawi Red Cross Society. Nkhani yoopa kugunditsa pakamwa siyoseketsa, koma HIV sifala m'malovu, ndipo kachigoba kouzira mpweya n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi AED.

Foni ili ndi malo ake, pambuyo pa maphunzirowo. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chinaonetsa kuti Mmalawi amamvera malangizo a mawu pafoni ya mabatani, popanda bandulo. Unduna wa Zaumoyo uphunzitse oyankha mafoni kufunsa msanga ngati munthuyo wamira, kulamula kumuuzira mpweya, ndi kuwerenga mokweza m'Chichewa. Khonsolo ya Nkhotakota iike maphunzirowa mu Epulo, nyanja ikadali bata. Tsiku lokumbutsa dziko lonse za kupewa kumira, pa 25 Julayi, limatipeza mwera uli kale pakati.