Kamnyamata ka ku Embangweni kandichititsa manyazi pa injini

Amwene a ku Chintheche, Sanga ndi Bandawe, ndabweranso ndi yaitali. Wa bandulo yochepa asadandaule, mulibe vidiyo muno.

Mwezi wathawu amalume anandiitana ku Embangweni kuti ndikaone injini ya chigayo chawo. Ndinati dizilo ndi dizilo basi, kaya pa boti kaya pa chigayo. Ndinalimbana nayo mpaka masana osapeza vuto. Mwana wawo wa zaka 11 anali ataima pakhomo, zala m'makutu chifukwa phokoso limamupweteka. Kenako anangoti, osandiyang'ana n'komwe: "Tapeti ya ku ekizozi yamasuka." Nditatsegula, zinalidi choncho. Ine makaniko wa pagombe, kugonja kwa mwana wa Sitandade 5!

Mwanayu masamu amakhoza kuposa kalasi yonse. Nambala ya galimoto iliyonse yodutsa msewu wa ku Jenda ali nayo m'mutu. Koma moni sapereka, mnzake alibe, nthabwala samazimva, ndipo mukamusinthira malo okhala pa nsima amalira ngati wamenyedwa. Inu mukudziwa Angoni a ku Mzimba pa nkhani ya ulemu sasewera. Ndiye ena amati ndi wamwano, ena chindere. Choipitsitsa, pali manong'onong'o akuti amalume anamuchita chizimba kuti chigayo chiziyenda. Achibale ena anati apite ku sukulu ya ana osamva ya CCAP yomwe ili pa mishoni pomwepo. Osamva? Munthu wamva tapeti ali pakhomo?

Maganizo anga ndi awa: nzeru zakezo ndi zimene zikumupweteketsa. Akanakhala wolephera m'kalasi, bwenzi anthu ataona kalekale kuti akufunika thandizo. Koma poti amakhoza, aliyense amati akuchitira dala. "Ngati amadziwa masamu, moni angamukanike?" Eya, angamukanike. Kuwerenga manambala ndi kuwerenga nkhope ya munthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, monga kukonza injini sikutanthauza kuti ungakhale siginala wa usipa.

Pali chinthu chotchedwa autism. Si ufiti, si misala, ndi mmene ubongo wa munthu unapangidwira, ndipo bungwe la WHO linanenapo kuti chimapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa 100. Koma tisayambenso kupachika dzinali pa mwana aliyense wofatsa. Ena ndi amanyazi chabe, ena anzeru amangotopa ndi masewera a anzawo. Woyeza ndi wachipatala, osati gulu la WhatsApp. Ku Mzuzu kuli a St John of God amene amaona ana a mavuto a kakulidwe, ndipo aphunzitsi a ana ofunika chisamaliro chapadera amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Amalume ndinawauza za Temple Grandin wa ku America, poti a ku Mzimba ukatchula ng'ombe amatchera khutu. Mayiyu ali ndi autism, anachedwa kulankhula, koma anakula n'kukhala pulofesa ku Colorado State University, ndipo anakonza makola ndi njira zodutsamo ng'ombe kuti zisamachite mantha. Anaona zimene ng'ombe zimaopa pamene anthu ena sankaona kanthu.

Ndisanamenso ayi, ifenso pagombe tinali naye wotere. Ankadziwa boti lililonse ndi kulira kwa injini lisanaoneke. Tinkamuseka, inenso ndinali momwemo, mpaka anasiya sukulu. Nditamuona mwana wa amalume ndi iyeyo amene ndinamukumbukira.

Pochoka ndinamusiyira kabureta yakale ya Yamaha yomwe ndinali nayo m'chikwama. Dzulo amalume aimba kuti waimasula yonse n'kuibwezeretsa, ndipo akufunsa kuti kasipuling'i kamodzi kalibemo bwanji. Kali m'thumba mwanga muno. Za ku Mzuzu avomera kuti apita naye akakolola, thiransipoti ndanena kuti ndithandizako.