Wodwala nkhawa asamangouzidwa kuti apemphere

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi anzanga akumudzi, makamaka abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, za matenda a nkhawa amene akutha anthu mwakachetechete kuno kwa Chitukula ndi madera ozungulira.

Sindikunena nkhawa ya tsiku limodzi ayi. Ndikunena ija yomugwira munthu miyezi yathunthu: tulo osabwera, mtima kumangogunda ngati wathamangitsidwa, kubanika, nsima osalowa. Kawirikawiri imayamba ndi zinthu zodziwika, monga ngongole ya katapila, fodya amene sanayende bwino kumsika ku Kanengo, kukwera kwa feteleza kapena fizi ya mwana. Munthu wotere akapita kwa akulu a mpingo amauzidwa kuti chikhulupiriro chachepa, apemphere kolimba. Akapita kwa anzake amamugulira kachasu. Ena mwa abambo amene tawaika m'manda atadzimangirira anadutsa m'njira ziwiri zomwezi.

Pemphero sindikulinyoza. Koma wodwala malungo timamupempherera kwinaku tikumukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Bwanji wankhawa yekha timamusiya panjira?

Wankhawa amafunika uphungu, ndiko kuti kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera, wosunga chinsinsi, amene amathandiza wodwala kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench m'chaka cha 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kucheza ndi odwala pabenchi kunja kwa chipatala, maulendo asanu ndi limodzi. Kumeneko matendawa amawatchula kuti kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri kwathu komweku. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe, ndipo a St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi aphungu. Kukaonana ndi phungu sikutanthauza kuti munthu wapenga kapena kuti wauyamba ulendo wa ku Zomba.

Pambali pa uphunguwo, thupi nalo liziyenda. Chimene chimamuopsa kwambiri wankhawa ndi mtima wake womwe. Ukangogunda iye amati ndafa, manthawo nkuwonjezera kugundako. Tsono munthu akamayenda ndawala kapena kupalasa njinga, mtima umagunda, thukuta limatuluka, mpweya umachepa, kenaka akapuma zonse zimabwerera m'malo. Akachita izi kawirikawiri amazolowera kuti kugunda kwa mtima si imfa. Usikunso tulo timabwera, ndipo munthu wogona bwino amamva zimene phungu akunena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Mwa masamu a Sitandade 4, ndi theka la ola kwa masiku asanu.

Ndikudziwa kuti anzanga alimi aseka pamenepa. Ati, aphunzitsi, ife khasu latithetsa msana, masewera ena ati? Zoona, kuyambira Novembala mpaka kukolola palibe mlimi wosowa thukuta. Koma taonani bwino. Wodwala nkhawa ndi amene amayamba kujomba kumunda, nkumabindikira m'nyumba chitseko chotseka. Akapitanso kumundako amakhala yekhayekha, khasu likugwa pansi maganizo ali pangongole. Nanga miyezi ya Juni mpaka Seputembala, fodya atagulitsidwa, eni ngongole akugogoda pakhomo, abambo ambiri amakhala kuti? Pabawo ndi pamowa, chikhalire tsiku lonse. Makolo athu nyengo yomweyi ankaidzaza ndi mganda ndi chimtali, munthu nkubwera kubwalo atatopa, ataseka, atacheza ndi anzake. Pazaka zanga zauphunzitsi ndinaona kuti ana a Sitandade 8 ankakhazikika bwino m'kalasi tikawasiyira nthawi yawo ya mpira, ngakhale makolo ena ankati tikuwatayitsa nthawi mayeso ali pafupi.

Komanso tisanamizane. Kuthamanga sikubweza katapila. Wina atha kuzungulira bwalo kakhumi, ngongole nkumudikirabe pakhomo. Nchifukwa chake ndikuti ziwirizi ziyendere limodzi: kuyenda kumatsitsa mtima pansi, phungu nkuthandiza munthu kuona kuti ayambire pati, kaya kukakambirana ndi mwini ndalama, kaya kuulula kwa mayi akunyumba zimene wakhala akubisa.

Pempho langa kwa inu atsogoleri a mipingo ndi ili. Mabwalo muli nawo, magulu a mvano, miphakati ndi makwaya muli nawonso. Sankhani anthu awiri kapena atatu osayenda ndi nkhani pakamwa, mupemphe a zaumoyo awaphunzitse uphungu. Mkhristu akasowa masabata awiri, musangomutumizira uthenga. Tumizani mnzake akamutenge ayende naye mpaka kudambo ndi kubwerako, mawa lakenso chimodzimodzi. Akayamba kulankhula zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa anzanga a msinkhu wanga, musanayambe ndawala kayezetseni kaye BP, chifukwa mtima umathanso kuthamanga kaamba ka kuthamanga kwa magazi kapena kuchepa kwake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chitukula, Lilongwe.