Za M'nyumba Mwathu: Diso ndi Timadontho

Tengani nyuzipepala imene ili ndi chithunzi cha munthu, ndipo muchiyang'ane padzuwa ndi galasi lokuza zinthu. Nkhope ija idzasowa. Mudzangoona timadontho takuda tosawerengeka, tokulirapo pamene pali tsitsi, tochepa pamene pali mphumi yowala. Mukachotsa galasi ndi kutalikitsa tsambalo, taonani, nkhope yabweranso. Nanga yachokera kuti?

Nzeru yake ili m'diso ndi mu ubongo. M'kati mwa diso, chakumbuyo kwake, muli kachikopa kopyapyala kolandira kuwala, ndipo timaselo take tozindikira mitundu tilipo pafupifupi 6 miliyoni. Madontho awiri akayandikana kwambiri, kuwala kwake kumagwera pamodzi, ndipo diso silingathe kuwalekanitsa. Ngakhale diso labwino, madontho otalikirana milimita 1 liwaona ngati limodzi munthu akaima pa mamita 3 ndi theka. Pamenepo ubongo ulumikiza kuda ndi kuyera kumene walandira, nuzindikira mphuno, pakamwa ndi maso.

Zimenezi tiziona masiku onse kwathu kuno. Mitengo ya paini ya paphiri la Dedza, poiyang'ana tili kutali, ioneka ngati nsalu imodzi yobiriwira. Mikanda imene amayi a Chingoni amatunga ili payokhapayokha m'manja mwao, koma pabwalo la ngoma tiona mizere yosalala. Galasi la foni nalo lili ndi timadontho towala tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Tofiira ndi tobiriwira tikawala pamodzi, ife tiona chikasu. Ndipo ku Paris, m'zaka za 1884 mpaka 1886, Georges Seurat adajambula chithunzi chachikulu cha anthu opumula pambali pa mtsinje wa Seine, pochita kudontheza utoto pang'onopang'ono.

Tsono, inu makolo, mverani ichi. Diso lofooka lisakaniza msanga zinthu zimene anzake akuzilekanitsabe. Mwana wotere akakhala kumbuyo m'sukulu, zilembo za pabolodi zimuonekera ngati utsi, ndipo ife tifulumira kumutcha waulesi. Chikwangwani cha zilembo chimene amayesera maso kuchipatala, wodwala ataima pa mamita 6, adachikonza Herman Snellen ku Utrecht m'chaka cha 1862 potsata nzeru yomweyi.

Yesani pakhomo panu. Lembani madontho awiri oyandikana papepala loyera, mulipachike pakhoma, ndipo ana abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, atatseka diso limodzi, kenaka linalo. Amene madontho amsakanikira akali pafupi, anzake akuwaonabe awiri, mupite naye kuchipatala, pakuti kawirikawiri mandala okha akwanira kumthandiza. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani naye mwanayo musanamdzudzule.