Sikani ikaonetsa mutu waung'ono, mayi auzidwe chiyani?

Mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu wagona pabedi, mafuta ozizira ali pamimba, wojambula maso ali pa makina. Kenaka akuti, "Mayi, mutu wa mwanayu ukuoneka wochepa pa masabata ake." Mawu amenewa mayi amapita nawo kunyumba, ndipo usiku umenewo tulo sitibwera.

Alipo azaumoyo amene amati ndi bwino kusamuopseza mayi ndi nkhani yotere, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Kumapeto kwa mimba mutu umakhala utatsikira m'chiuno, mafupa a mayi amautchinga, ndipo wojambula akaphonya pang'ono muyezo umatsika. Chachikulu n'chakuti muyezowo umayerekezedwa ndi msinkhu wa mimba. Amayi ambiri kwathu kuno amayamba sikelo mimba itaonekera kale, tsiku lomwe anasamba komaliza ataliiwala. Masabata akawerengedwa molakwika ndi atatu okha, mwana wabwinobwino amaoneka wotsalira. N'chifukwa chake mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, pomwe makina amatchula msinkhu wa mimba molondola. Komanso pali mabanja a mitu yaing'ono chibadwire, ana awo n'kumakhoza bwinobwino kusukulu.

Koma kukhala chete kuli ndi mtengo wake. Nthawi zina mutu umachepadi chifukwa ubongo sunakule, vuto lomwe madokotala amalitcha microcephaly. Dziko linadzidzimuka nalo mu 2015 ku Brazil, pomwe kachirombo ka Zika kanachititsa kuti ana ambiri abadwe chotero. Matenda a rubella, kachirombo ka CMV, mowa wambiri pa nthawi ya pakati, ngakhalenso za kumtundu zimayambitsa vutoli. Pena si mutu wokha: mwana yense amakhala sakukula chifukwa nsengwa siyikumudyetsa mokwanira, monga zimachitikira mayi akadwala malungo kapena magazi akamathamanga. Apa ndiye chete amapha, chifukwa mwana wotero amafunika kulondolozedwa pafupipafupi, mwinanso kubadwitsidwa tsiku lisanakwane.

Ine ndikuti mayi auzidwe, koma auzidwe zonse. Wojambula kumuponyera mayi mawu awiri n'kuitana wotsatira pamzere ndi nkhanza. Akhazikidwe pansi, amve kuti muyezo umodzi si chigamulo, kuti adzajambulidwanso pakatha masabata awiri kapena atatu kuti aone ngati mutu ukukula, komanso kuti mimba ya mwana ndi fupa la ntchafu ziyezedwe limodzi. Zikakayikitsabe, alemberedwe kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Bambo wa mwana akhalepo pomva zimenezi, chifukwa mayi akafika yekha ndi uthenga wodukaduka, abale sachedwa kumuloza chala kapena kutchula ufiti.

Yankho lomveka bwino limabwera mwana akabadwa, mzamba akazunguliza tepi pamutu. Ana ambiri obadwa nthawi yawo amakhala pa masentimita 34 kapena 35.

Inu amayi amene mwauzidwa zotere, musaleke sikelo ndipo musathamangire mankhwala azitsamba. Funsani kuti akulembereni m'buku lanu tsiku lojambulidwanso. Mwana akachepetsa kusewera m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.